Nthiti Zopanda Nthiti: Nyama ya Nkhumba kwa Ochepetsa Nsima

Awa ndi mawu amene analankhula mmodzi wa ophunzira akale pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza kuti anzathu amene sanathe kufika amveko.



A komiti atandipempha kuti ndidzalankhulepo za umoyo, ndinawayankha kuti ine sindine dokotala, koma za mphika ndikhoza kulankhula. Iwo anavomera. Tsono masana ano ndikamba za kaphikidwe ka nyama ya nkhumba imene anthu a ku America amaitcha country-style ribs, ndi momwe munthu wouzidwa kuti achepetse nsima, mpunga, buledi ndi shuga angaidyere mtima uli m'malo. Anzathu achisilamu ndi inu a mipingo imene simudya nkhumba musatuluke ayi, chifukwa zonse ndinenezi zimatheka ndi phewa la mbuzi kapena nyama ya m'khosi ya ng'ombe.

Mwina ena mukudabwa kuti nkhani ya kukhitchini ikufunanji pa msonkhano wa anthu ophunzira. Tayang'anani m'chipinda muno. Ambiri a ife imvi zayamba, malamba tikumangira pa bowo lomaliza, ndipo pa maliro a anzathu timamva mawu omwewomwewo akuti anali ndi shuga, anali ndi BP. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo m'Malawi unachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pajatu chakudza sichiimba ng'oma. Ine mwini ndili m'gulu la odwala shuga, ndipo ndinapezeka nawo pamene ndinkagwira ntchito ku America. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kaphikidwe kameneka.

Ndiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. M'kalasi ya sayansi tinkavutika kulemba mawu aja akuti makabohaidireti. Mwachidule amenewa ndi sitachi ndi shuga. Nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata zikafika m'mimba zimagayidwa n'kusanduka shuga amene amalowa m'magazi. Pamenepo kapamba amatulutsa insulin, amene ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'minofu kuti tipeze mphamvu. Kwa munthu wa matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene amagwira ambiri a msinkhu wathu, thupi silimveranso insulin bwinobwino, choncho shuga amangoyendayenda m'magazi n'kumawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi.

Tsono imvani manambala awa. Mu magalamu 100 a ufa wa chimanga muli magalamu pafupifupi 75 a sitachi. Mu magalamu 100 a mpunga wophika muli pafupifupi 28, m'chinangwa chachiwisi pafupifupi 38, m'mbatata pafupifupi 20. Koma m'kabichi muli 6 okha, m'tomato 4, ndipo m'nyama mulibe ngakhale galamu imodzi. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga, koma sitachi yake ndi yochuluka ndithu. Akatswiri amati munthu wachepetsa zokhutitsa akamadya magalamu osafika 130 pa tsiku, ndipo amene achepetsa kwambiri amadya pakati pa 20 ndi 50. Pitani mukayeze ufa umene umalowa mu mphika wa nsima ya kwanu, mugawe ndi chiwerengero cha anthu odya, muone nokha pamene muli.

Maganizo ochepetsa sitachi si a lero. M'chaka cha 1863 munthu wina wa ku London, William Banting, amene ntchito yake inali yokonza maliro, anasindikiza kabuku kotchedwa Letter on Corpulence. Mkuluyu anali wamfupi koma wolemera makilogalamu oposa 90, ndipo dokotala wake atamuletsa shuga, mbatatesi, mowa ndi buledi wambiri, anatsika ndi makilogalamu oposa 20 m'chaka chimodzi. Chosangalatsa n'chakuti pa mndandanda wa zoletsedwa zake panalinso nyama ya nkhumba. Lero tikudziwa kuti nyamayi ilibe sitachi. M'chaka cha 1972 dokotala wa ku New York, Robert Atkins, anatchukitsanso kadyedweka ndi buku lake, ndipo m'chaka cha 2013 Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town pamodzi ndi anzake anatulutsa buku lotchedwa The Real Meal Revolution. N'chifukwa chake anzathu okhala ku South Africa mumamva anthu akuti akuchita Banting. Madokotala akhala akutsutsana kwambiri pa nkhani ya mafuta a nyama amene kadyedwe kameneka kamalola. Koma pa nkhani ya shuga, bungwe la American Diabetes Association linanena m'chaka cha 2019 kuti mwa njira zonse za kadyedwe, kuchepetsa sitachi ndi shuga ndiko kuli ndi umboni wochuluka wakuti kumatsitsa shuga wa m'magazi.

Vuto la ife Amalawi ndi lakuti ukatichotsera nsima timati sitinadye. Munthu akhoza kudya mbale yodzaza mpunga ndi nkhuku, n'kukagona akudandaula kuti wagona ndi njala. Choncho wouzidwa kuti achepetse mitanda amapirira sabata imodzi kapena ziwiri, kenako amabwerera. Chimene ndaona ine ndi ichi: munthu sapirira ndi chakudya chozizira m'kamwa. Ngati mtanda uchepa, ndiwo ziyenera kukoma ndi kukhutitsa. Apa ndi pamene nyama yathu ija ikubwera.

Dzina lake limanamiza. Nthiti zimenezi si nthiti kwenikweni. Eni mabutchala a ku America amadula nyamayi kumapeto kwa msana, cha kufupi ndi phewa, kapena paphewa penipeni, n'kuicheka zidutswa zazitali zooneka ngati nthiti. Zina zimakhala ndi kafupa ka phewa, zina zilibe fupa ndi limodzi lomwe. Mnofu umachuluka kuposa wa nthiti zenizeni, ndipo kumeneko mtengo wake umakhala wotsikirapo. Zilipo mitundu iwiri. Zochokera kumsana zimaoneka zoyererapo, mafuta ndi ochepa, ndipo zimauma mukaziphika nthawi yaitali. Zochokera kuphewa ndi zofiirirapo, zili ndi timizere ta mafuta ndi mitsempha, ndipo ndizo ndikukulangizani. Kwathu kuno dzina lachingerezilo simudzalipeza pa butchala. Ingomuuzani wodula nyama kuti akupatseni ya paphewa, achotse chikopa, aicheke zidutswa zotalika ngati chikhatho, kunenepa kwake zala ziwiri kapena zitatu.

Ngati nyama ilibe sitachi, nanga ngozi ili pati? Ili mu msuzi wa m'botolo umene anthu a ku America amapaka pa nyama yowotcha. Msuzi wotchuka wa ku Kansas City ndi wolimba, wofiirira, wopangidwa ndi tomato, shuga ndi madzi a nzimbe owiritsa. M'mabotolo ambiri a mtundu umenewu, masupuni aakulu awiri okha amakhala ndi shuga wa magalamu 12 kapena kuposerapo. Kasupuni ka tiyi ka shuga ndi magalamu 4. Kapu imodzi imalowa masupuni aakulu 16. Ndiye kuti mayi amene wakhuthulira kapu ya msuziwu mu mphika wathiramo magalamu 96, ndiko kuti timasupuni 24 ta shuga. Ndani wa ife angathire timasupuni 24 ta shuga mu ndiwo akuona? Koma m'botolo timathira osadziwa. Bungwe la WHO linalangiza m'chaka cha 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku, ndipo kwa munthu wamkulu amenewo ndi timasupuni pafupifupi 12.

Mwayi wake ndi wakuti ku America komweko kulinso anthu amene sapaka msuzi wotsekemerawo. Kum'mawa kwa chigawo cha North Carolina nyama ya nkhumba amaithira msuzi wamadzimadzi wa viniga, tsabola ndi mchere, wopanda tomato. Ku South Carolina kuli msuzi wachikasu wa mustard. Kuwawasa kwa viniga kumachepetsa kunona kwa mafuta m'kamwa, mwakuti munthu sakumbukira n'komwe za shuga. Msuzi umene ndikuphunzitseni watengera kwa anthu amenewa.

Tsopano tengani zolembera. Nyama ikhale kilogalamu imodzi ndi theka, yokwanira anthu asanu ndi mmodzi. Sakanizani timasupuni tiwiri ta mchere tosasefukira, supuni yaikulu imodzi ya paprika, kasupuni kamodzi ka tsabola wakuda wopera, timagawo tinayi ta adyo tosinja, ndi kambuzi mmodzi kapena awiri monga mwa kulimba mtima kwanu. Pakani nyama mbali zonse. Ngati muli ndi firiji, ichiteni usiku kuti mchere ulowerere mpaka m'kati. Ngati mulibe, ola limodzi pamalo pozizira likwana. Onetsetsani zolembedwa pa timapaketi ta zokometsera nyama togula, chifukwa tambiri timakhala ndi shuga ndi ufa.

Chachiwiri, tenthetsani poto wolimba, muthiremo supuni imodzi ya mafuta. Pukutani nyama kuti iume, ndipo muikazinge zidutswa zitatu kapena zinayi pa nthawi imodzi mpaka ifiire mbali zonse. Mukadzaza poto, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kubwata, ndipo siifiira. Kufiira kumeneku ndiko kumapatsa fungo lija la kanyenya, ndipo n'kofunika kwambiri pamene mulibe shuga woti apserere pamwamba.

Chachitatu, bwezerani nyama yonse m'poto kapena m'chiwaya cha mu uvuni, muthiremo theka la kapu ya madzi, masupuni aakulu anayi a viniga, ndi anyezi mmodzi wamng'ono wodula pakati. Anyezi asachuluke, pakuti ali ndi makabohaidireti ake, magalamu pafupifupi 9 mwa 100. Vundikirani zolimba kuti nthunzi isathawe. Mu uvuni ikani moto pa madigiri 150, ndipo musiye kwa maola awiri ndi theka kapena atatu. Amene mulibe uvuni, kapena magetsi akazima monga mwa nthawi zonse, mbaula imagwira ntchito yomweyo. Yembekezani makala ayake bwino, muwakwirire ndi phulusa pang'ono kuti moto ufatse, ndipo makala ena muike pamwamba pa chivundikiro monga achitira amayi pophika chikondamoyo. Msuzi uzingonjenjemera, usabwate. Pakapita mphindi 40 zilizonse suzumirani, ndipo ngati madzi akuphwa onjezerani pang'ono. Mbaulayo ikhale panja kapena pakhonde; utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu ali m'tulo.

Chifukwa chiyani maola onsewa? Phewa ndi chiwalo chimene nkhumba imagwiritsa ntchito moyo wake wonse, choncho mnofu wake ndi wolukana ndi mitsempha yolimba. Mukaiwotcha pa moto waukali kwa mphindi 20, nyama ipsa koma mudzatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Mitsemphayo imasungunuka pokhapokha ikatenthedwa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo imasanduka ulimbo wofewa uja umene mumauona msuzi wa mapazi a ng'ombe ukazizira. Ulimbo umenewu ndi umene umalimbitsa msuzi popanda kuthira ufa. Amene muli ndi choyezera kutentha, m'kati mwa nyama mufike madigiri 90 kapena kuposerapo pang'ono. Amene mulibe, bayani ndi foloko n'kupotoza. Ikamalekana yokha, yapsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi ndi msuzi. Vuulani nyama muiike pambali. Tsanulirani madzi otsala m'kapu, mudikire mphindi zingapo, ndipo mafuta akayandama muwayengule ndi supuni. Madzi apansiwo abwezereni pamoto pamodzi ndi masupuni aakulu awiri a tomato wa m'chitini wolimba uja, supuni imodzi ya mustard, masupuni awiri a viniga kapena madzi a mandimu, ndi tsabola wina ngati mufuna. Awire mpaka atsale theka. Tomato wa m'chitiniyo ali ndi magalamu pafupifupi 6 a sitachi ndi shuga, ndiye mukagawana anthu asanu ndi mmodzi, aliyense watenga galamu imodzi. Yerekezani ndi magalamu 96 aja.

Potsiriza, pakani msuziwo pa nyama n'kuibwezera mu uvuni wotentha madigiri 220, osavundikira, kwa mphindi 10 mpaka 15, kapena muiike pa waya pamwamba pa makala n'kumaitembenuza mosamala, pakuti tsopano ndi yofewa. Ikapserera m'mbalimbali ichotseni, ipumule mphindi zisanu.

Nanga tidyera chiyani? Ku America ochepetsa sitachi amaphika kolifulawa n'kumusinja kuti alowe m'malo mwa mbatatesi, kapena amadula kabichi wamuwisi n'kuthira viniga. Ife tili ndi mwayi woposa iwo. Tili ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, repu, therere, mabiringanya ndi mapeyala, zonse za sitachi yochepa. Nkhwani wotendera amayenda bwino kwambiri ndi nyamayi, ngakhale nsinjiro zisachite kuchuluka. Theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi likhale nyama, ndipo pamalo potsalapo ikani kamtanda kamodzi ka mgaiwa ngati adokotala anu alola. Ine nsima sindinaisiye. Ndinangoichotsa pa mpando wa ufumu. Yambani ndi masamba ndi nyama, nsima mumalizire, ndipo mudzaona kuti kamtanda kamodzi kakukwanani. Samalaninso ndi chakumwa. Zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri zili ndi shuga wa magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 alionse, ndiye botolo limodzi likhoza kufafaniza ntchito yonse ya maola atatu. Thobwa ndi mowa wa masese nazonso ndi chimanga chomwecho.

Ndisanakhale pansi ndili ndi machenjezo anayi, ndipo ndikupempha kuti amenewa muwagwiritse kuposa kaphikidwe.

Loyamba likupita kwa inu amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide. Musachepetse nsima mwadzidzidzi musanaonane ndi achipatala. Mankhwalawo anakuyezerani molingana ndi chakudya chimene mumadya. Chakudya chikachepa mankhwala ali omwewo, shuga amatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka, mwinanso kufa. Amene muli ndi vuto la impso, amayi oyembekezera ndi ana, kadyedwe aka si koyamba nokha.

Lachiwiri ndi la mafuta. Phewa la nkhumba ndi lonona, ndipo mafuta a nyama akachuluka amakweza kolesitulo mwa anthu ambiri. N'chifukwa chake ndati muyengule mafuta aja. Ichi ndi chakudya cha Lamulungu kapena cha tsiku la alendo. Masiku ena kuli usipa, chambo, mazira, nkhuku ndi nyemba pang'ono, ndipo thumba lanu lidzakuthokozani.

Lachitatu ndi la mchere. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kosadzaza. Timasupuni tiwiri tija tagawidwa kwa anthu asanu ndi mmodzi, choncho pa tebulo musaikenso mchere, makamaka inu a BP.

Lachinayi ndi la nyama yeniyeniyo. M'chaka cha 2011 unduna wa zaulimi wa ku America unalengeza kuti nyama ya nkhumba yosagaya yapsa mokwanira ikafika madigiri 63 m'kati n'kupumula mphindi zitatu, ngakhale ikuoneka yofiirira pang'ono. Lamulo limenelo analipangira nkhumba zoleredwa m'makola otsekedwa ndi kuyezedwa. Kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Mozambique, nkhumba zongoyendayenda m'mudzi zimatha kukhala ndi timatuza toyera tonga mpunga m'mnofu, ndipo munthu akadya nyama yotere yosapsa amagwidwa ndi njoka ya m'mimba yaitali yaphanthiphanthi. Mazira a njokayo akafalikira kudzera m'chimbudzi ndi m'manja osasamba, amatha kukafika mu ubongo wa munthu n'kuyambitsa khunyu. Gulani nyama yoyezedwa ndi alangizi a ziweto, iyang'aneni bwino pocheka, ndipo ya timatuza musaigule ngakhale itsike mtengo chotani. Ubwino wa kaphikidwe ka maola atatu ndi wakuti nyama imapsa mpaka pafupa, mosiyana ndi kapado wa pachiwaya amene amapserera kunja m'kati muli magazi.

A Wapampando, ndili ndi pempho limodzi kwa komiti. Pakati pathu pali manesi ndi madokotala amene anaphunzira pa sukulu yomwe ino. Bwanji pa msonkhano wa chaka chamawa tikaike tebulo pakhomo, kuti aliyense wofuna ayezedwe shuga ndi BP asanalowe? Makina ake ndi aang'ono ndipo kuyeza kumatenga mphindi zochepa. Ndalama zogulira timapepala toyezera tikhoza kusonkha lero lomwe, ndipo ine ndiyamba. Komanso amene mudzakonze chakudya cha tsikulo, mudzatiganizireko ife odwala shuga: masamba achuluke, ndipo pambali pa zoziziritsa kukhosi pakhale madzi.

Amene mukayese kuphika nyamayi, lemberani mkonzi wa kalata yathu mutiuze momwe zayendera, makamaka inu amene mukayese ndi mbuzi.